Kuyenda nakonso ndi mankhwala: kuzilembedwa pa khadi la kuchipatala

Munthu akapezeka ndi matenda othamanga magazi, amene kuno ena timati tensão pomwe abale athu a ku Malawi amati BP, namwino amamupatsa mapiritsi pamodzi ndi malangizo omveka bwino: limodzi m'mawa, tsiku lililonse, mubwerenso mwezi wamawa. Koma ikafika nkhani yolimbitsa thupi, mawu amangokhala akuti, "Muzichita masewera olimbitsa thupi." Wodwala amavomera mwaulemu n'kutuluka. Sanauzidwe kuti masewera ake ndi ati, mphindi zingati, masiku angati pa sabata. Agogo a zaka 60 amaganiza za mpira, n'kungoseka chamumtima.

Maganizo anga ndi akuti kugwiritsa ntchito thupi kuzilembedwa pa khadi la wodwala monga momwe amalembera mapiritsi, ndi mlingo wake womwe. Ndipo ife kumudzi tili ndi mbali yathu: kuthandiza munthuyo kuti zimene walemberedwazo asazisiyire panjira.

"Ife timalima, zimenezo n'za m'tauni"

Ndikudziwa yankho limene ambiri muli nalo kale. Munthu amene amadzuka tambala woyamba kukaunda mizere, kusenza thumba la mbatata, kukwera phiri ndi mtolo wa nkhuni, mungamuuze chiyani za kulimbitsa thupi? Yankho limeneli lili ndi nzeru. Mu 2018 akatswiri a bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO anatulutsa ziwerengero za mayiko 168. Mozambique ndi Uganda ndiwo anali ndi anthu ochepa kwambiri osagwiritsa ntchito thupi mokwanira: osafika 6 mwa akuluakulu 100 alionse, pomwe pa dziko lonse anali oposa munthu mmodzi mwa anayi. Choncho mlimi amene ali pakalikiliki ndi khasu safunika kuuzidwa kuti azithamanga.

Koma taonaninso ziwerengero zina. Kafukufuku wa m'dziko lathu lino wa mu 2005 anapeza kuti anthu 33 mwa 100 alionse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 anali ndi vuto lothamanga magazi. Atabwereza mu 2014 ndi 2015, chiwerengero chinafika pa 39. Mwa anthu odwalawo, pafupifupi 15 okha mwa 100 ndiwo ankadziwa kuti akudwala. Izi zikutiphunzitsa kuti khasu palokha silitchinjiriza munthu, chifukwa mchere wambiri, mowa, fodya, ukalamba ndi kumtundu nazo zimakweza magazi. Zikutiphunzitsanso kuti odwala tili nawo ambiri pakati pathu, ndipo aliyense wa iwo afunika kuthandizidwa ndi njira zonse zimene zilipo.

Ndani amene anasiya kuyenda?

Moyo wathu wa kuno kumalire wasintha. Ulendo umene kale tinkayenda wapansi kapena pa njinga yakapalasa, lero timakwera njinga yamoto. Chigayo chinalowa m'malo mwa mtondo ndi munsi. M'midzi yambiri mjigo unabwera pafupi. Zonsezi ndi zabwino, ndipo palibe amene akufuna kuti amayi athu abwerere ku moyo wosinja mpaka manja kuchita matuza. Komabe tivomereze kuti ntchito imene thupi linkagwira yachepa, ndipo palibe chimene talowetsa m'malo mwake.

Taganizirani mayi wogulitsa tomato ndi mbatata pa msika wa Lizulu kapena wa ku Ulongwe, amene amakhala pansi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Taganizirani mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, wosintha ndalama pachipata cha Calomue kapena Zóbuè, telala, mwini okala, mlembi wa mu ofesi. Anthu amenewa ndi a kumudzi konkuno, koma miyendo yawo ikukhala moyo wa m'tauni.

Kuopsa kwa ntchito yokhala pansi kunaoneka kalekale. Mu 1953, dokotala wina wa ku Britain, Jeremy Morris, anayerekeza madalaivala ndi makondakitala a mabasi osanja a mu mzinda wa London. Onse ankagwira ntchito m'basi imodzi. Dalaivala ankakhala pa mpando tsiku lonse, pomwe kondakitala ankakwera ndi kutsika masitepe potolera ndalama. Matenda a mtima ankagwira kwambiri madalaivala. Wa kabaza amene anagulitsa njinga yakapalasa n'kugula yamoto wachoka pa ukondakitala kupita pa udalaivala, ndipo ndi bwino adziwe zimenezi akadali mnyamata.

Palinso nkhani ya nyengo. Mlimi amene alibe dimba amagwira ntchito yakalavulagaga nthawi ya dzinja, koma akakolola amatha miyezi itatu kapena inayi ali pa bawo. Mphamvu ya thupi sisungika m'nkhokwe ngati chimanga. Munthu akangokhala masabata ochepa, mtima ndi minofu zimayamba kubwerera m'mbuyo. Ndiye mvula ikayandikira, amabwerera kumunda ndi mpweya wochepa ndi msana wowawa.

Mlingo wake ndi wotani?

Mankhwala alionse ali ndi mlingo. Malangizo amene bungwe la WHO linatulutsa mu 2020 amati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mwa mphamvu ndithu kwa mphindi zapakati pa 150 ndi 300 pa sabata. Mphindi 150 ndiye kuti theka la ola, masiku asanu pa sabata. Amene angathe kuthamanga kapena kusewera mpira, mphindi 75 mpaka 150 zimakwana. Mungadziwe bwanji kuti mwafika pa mlingo woyenera opanda makina? Mukamayenda ndawala, mtima uzigunda mofulumirako ndipo thupi litenthe. Muzitha kuyankhula ndi mnzanu, koma muzilephera kuyimba nyimbo. Ngati mukutha kuyimba bwinobwino, onjezani liwiro. Ngati mukulephera ngakhale kutchula mawu ochepa, chepetsani. Amene theka la ola lamukulira angaligawe patatu: mphindi 10 m'mawa, 10 masana, 10 madzulo.

Malangizo omwewo amati masiku awiri pa sabata munthu azilimbitsa minofu. Izi sizilira zitsulo za m'tauni. Kunyamula ndowa ya madzi, kukankha wilibala, kapena kudzuka pa mpando ndi kukhalanso maulendo 10 osagwira paliponse, zonsezi ndi zomwezo. Agogo oyambira zaka 65 aziwonjezapo, masiku atatu pa sabata, zowathandiza kuti asamagwe, monga kuyima ndi mwendo umodzi atagwira khoma. Ana a zaka 5 mpaka 17 afunika ola limodzi pa tsiku. Mayi woyembekezera amene kusikelo sanamupeze ndi vuto nayenso ayenera kufika mphindi 150 pa sabata.

Phindu lake limayezeka. Munthu wa tensão akamayenda ndawala nthawi zonse, nambala yapamwamba ija imatsika ndi 5 mpaka 8, zomwe sizisiyana kwenikweni ndi mphamvu ya piritsi limodzi. Pa matenda a shuga, kafukufuku wa ku America amene anatuluka mu 2002 anatsatira anthu oposa 3,000 amene anali pafupi kudwala matendawa. Amene ankayenda mphindi 150 pa sabata ndi kusintha kadyedwe anachepetsa mwayi wodwala ndi 58 pa 100, pomwe amene ankamwa mankhwala a metformin anachepetsa ndi 31 pa 100. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi n'kumuwotcha. Kuwonjezera apo, munthu amagona bwino ndipo nkhawa zimapepuka.

Chifukwa chiyani zilembedwe?

Mawu apakamwa amauluka. Cholembedwa munthu amapita nacho kunyumba, mwana wa sukulu n'kumuwerengera, banja lonse n'kudziwa kuti awa ndi malangizo a kuchipatala. Ku New Zealand anayamba zimenezi mu 1998. Dokotala amalembera wodwala pepala lotchedwa Green Prescription, losonyeza zoti azichita, kenaka pamakhala munthu womutsatira ndi kumulimbikitsa. Ife sitifunika ndalama kuti titengereko nzeru imeneyi. Cholembera chilipo, khadi lilipo.

Pa khadi pangathe kulembedwa motere: "Kuyenda ndawala mphindi 20, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu m'mawa, kuchoka kunyumba kukafika kusukulu ndi kubwerera. Pakatha masabata awiri, mphindi 30." Wodwala akabweranso kudzatenga mapiritsi, namwino amufunse kuti wayenda masiku angati, monga momwe amafunsira ngati mapiritsi anatha. Kwa mlimi amene ali m'kati mwa ntchito ya kumunda, malangizo akhale ena: apitirize kulima, azipumula, azimwa madzi, achepetse mchere, koma akakolola ayambe kuyenda.

Ena adzati anamwino athu ndi ochepa ndipo mzere umakhala wautali. Ndi zoona, ndipo amatopa. Koma kulemba mizere iwiri sikutha mphindi ziwiri, ndipo kutsatira wodwala kumudzi angathandize ndi alangizi athu azaumoyo, amene ambiri timawadziwa ndi dzina lakuti APE. Tiyerekeze mphindi ziwirizo ndi mtengo wa sitiroko. Bambo akafa ziwalo mbali imodzi, munda umagonera, mwana wamkazi amasiya sukulu kuti azidwazika, mbuzi zimagulitsidwa kuti papezeke ndalama ya ulendo wa ku chipatala chachikulu ku Tete, mtunda wa makilomita oposa 200 kuchokera ku Ulongwe. Ndipo ambiri sabwereranso mwakale.

Kuyamba n'kosavuta, kupitiriza ndiye nkhani

Ambiri amene anayesapo kuyenda m'mawa anasiya sabata yachiwiri isanathe. Timafulumira kunena kuti ndi ulesi, koma zifukwa zake n'zodziwika ndipo zili ndi mankhwala ake.

Choyamba ndi kuyamba ndi phuma. Munthu wamva pa wailesi, mawa lake n'kuthamanga mpaka kuphiri. Tsiku lachitatu miyendo yatupa, basi zathera pomwepo. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Yambani ndi mphindi 10 zimene simungalephere, muziwonjezera sabata ndi sabata.

Chachiwiri ndi kusowa nthawi yake. "Ndiziyenda ndikapeza mpata" ndi lonjezo limene silikwaniritsidwa. Akatswiri a kaganizidwe ka munthu anapeza kuti amene amaneneratu tsiku, nthawi ndi malo ndiye amachitadi chimene walinga. Kumangirira kuyenda ku chinthu chimene mumachita kale kumathandiza koposa: ndikaperekeza mwana kusukulu ndibwerera njira yaitali, ndikatseka okala ndipita kunyumba wapansi, popita ku msika nditsika njinga yamoto mtunda usanathe.

Chachitatu ndi kutaya mtima msanga. Mu 2009, Phillippa Lally ndi anzake ku London anatsatira anthu 96 amene ankayesa kuzolowera chinthu chatsopano. Anapeza kuti pamatenga masiku pafupifupi 66 kuti chinthu chilowe m'magazi, ena masiku 18 okha, ena mpaka 254. Anapezanso kuti kudumpha tsiku limodzi sikuwononga kanthu. Choncho ngati kwagwa maliro, kwabwera alendo kapena mvula yavumba tsiku lonse, musanene kuti zakanika. Mawa pitirizani.

Chachinayi ndi chakuti tensão sipweteka. Munthu samva kudwala, choncho samvanso kuchira. N'chifukwa chake ndi bwino kufunsa namwino kuti akuuzeni manambala anu ndi kuwalemba. Malire ake ndi 140 pamwamba ndi 90 pansi. Amene waona ndi maso ake nambala ikutsika mwezi ndi mwezi safunanso womukakamiza.

Chachisanu, chomwe ndi chachikulu kwa ife, ndi pakamwa pa anthu. Kumudzi munthu sayenda wopanda kolowera. Bambo akamayenda ndawala m'mawa alibe khasu, ana amamuseka, akuluakulu n'kumati mutu wayamba kusokonekera. Mayi akatero, mawa lake mbiri yawanda yakuti ali ndi chibwenzi. Munthu wonenepa akayamba kutsika thupi, anthu amanong'onezana za kachilombo, chifukwa tinazolowera kuti mimba yaikulu ndi chizindikiro cha kupeza bwino. Mawu oterewa abweza anthu ambiri m'nyumba. Amene amaseka wodwala tensão chifukwa akuyenda, n'chimodzimodzi kumulanda mapiritsi m'manja.

Nzeru yake tili nayo kale kuno ku Tete

Mu 2008, kuno ku chigawo cha Tete kunayamba magulu a GAAC mothandizana ndi bungwe la Médecins Sans Frontières. Anthu amene akumwa ma ARV anayamba kukhala m'magulu a anthu osapitirira 6, n'kumasinthana kupita kuchipatala kukatengerana mankhwala. Ankawerengerana mapiritsi, kufunsana za m'thupi, ndi kulondola mnzawo akasowa. Njirayi inathandiza kwambiri kuti anthu asasiye mankhwala, mwakuti inafalikira m'dziko lonse ndi m'mayiko ena oyandikana nafe.

Chimene chinagwira ntchito pa ma ARV chingagwirenso pa kuyenda. Mutu umodzi susenza denga. Amayi anayi a tensão kapena a shuga a m'mudzi umodzi atapangana kuti azikumana pa mjigo m'mawa masiku atatu pa sabata, palibe angagone podziwa kuti anzake akumudikira panja pali chisanu cha mu Juni. Palibenso angawanene, chifukwa gulu silinamiziridwa chibwenzi. Magulu a chipereganyu, makwaya ndi mabungwe a amayi a kumipingo ndi kumizikiti amakumana kale sabata iliyonse. Kuwonjezapo theka la ola loyenda kapena lovina si chinthu chovuta.

Ndipo tisaiwale magule athu. Amene anavinapo ngoma kapena chintali kwa theka la ola akudziwa momwe thukuta limatsikira. Munthu sasiya msanga chinthu chimene chikumusangalatsa. Ngati kuyenda kumakutopetsani mtima, vinani. Namwino angathe kulemba chintali pa khadi, ndipo sikulakwa.

Mawu kwa anyamata ndi atsikana a mpira

Mlingo umagwiranso ntchito kwa amene akufuna kupambana pa bwalo. Matimu athu ambiri sabata yonse sakonzekera, Lamulungu n'kulowa m'bwalo mphindi 90 osatenthetsa thupi. Mapeto ake ndi maondo ndi akakolo ovulala. Thupi limakula mphamvu mukalipatsa ntchito yowonjezereka pang'ono, kenaka n'kulipatsa mpumulo, chakudya ndi tulo. Konzekerani masiku atatu pa sabata, tenthetsani thupi mphindi 15 kapena 20 musanayambe, imwani madzi, ndipo kachasu akhale kutali ndi bwalo.

Maria de Lurdes Mutola anayamba ndi kusewera mpira ndi anyamata ku Chamanculo, mu Maputo. Anapita koyamba ku mpikisano wa Olimpiki mu 1988 ali ndi zaka 15, ndipo sanapambane. Mendulo ya golide pa mtunda wa mamita 800 anadzaipeza ku Sydney mu 2000, patapita zaka 12. Zaka zonsezo anali pa ndondomeko. Komanso inu osewera, tsiku limene mudzapachike nsapato musadzapachike ndi miyendo yomwe. Ambiri amene anali akatswiri a m'mudzi lero ndi amene ali pa mzere wa tensão.

Chenjezo

Kuyenda sikulowa m'malo mwa mapiritsi. Amene analemberedwa mankhwala apitirize kumwa mpaka a chipatala atanena okha. Amene magazi ake akwera kwambiri, kapena ali ndi vuto la mtima, ayambe waonana ndi a chipatala asanayambe zolimba. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kapena kubanika kodabwitsa, imani pomwepo ndipo pitani kuchipatala. Odwala shuga asayende opanda nsapato, aziyang'ana mapazi awo madzulo alionse ngati pali bala, ndipo amene ali pa mankhwala azitenga kachinthu kotsekemera m'thumba. Mchere nawo usapitirire magalamu 5 pa tsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza wa m'ndiwo ndi wa pambale.

Pempho langa

Kwa anamwino ndi alangizi azaumoyo: lembani mphindi, masiku ndi malo, ndipo mudzafunse wodwala akabweranso. Kwa mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti: nenani pa msonkhano kuti munthu woyenda ndawala m'mawa ali pa mankhwala, asasekedwe. Mawu amodzi a mfumu amatseka pakamwa pambiri. Kwa abambo: mkazi wanu akalemberedwa kuyenda, musamuletse. Ngati mtima ukukayika, muperekezeni, mupindula nonse awiri.

Ndipo kwa inu omvera, ngati simunayezetsepo magazi, kayezetseni sabata ino, chifukwa ambiri amene ali ndi tensão sakudziwa. Mukapezeka nayo, musatuluke m'chipinda cha namwino musanafunse kuti, "Ndiziyenda mphindi zingati, masiku angati?" Safunsa anadya phula. Mukafika kunyumba, pezani mnzanu mmodzi kapena awiri, mupangane tsiku ndi malo okumanirana, ndipo muyambe ndi mphindi 10.